Ajenti a nyumba m'bungwe lathu: membala ndani, ndipo kota atulutse ndani?

Wa ku Matundo

Akuluakulu, moni nonse. Ndabwera ndi nkhani yofuna anthu odziwa. Muno mumzinda wa Tete tilipo eni makampani angapo amene timapezera anthu nyumba zogula ndi za lendi, ndipo tagwirizana zokhala ndi bungwe lathulathu. Malamulo a bungwelo akulembedwa, koma tatsamwa pa nkhani ya maajenti. Kampani ina ili ndi anyamata awiri, ina asanu ndi mmodzi. Ena amayendera Moatize, ena amafika mpaka ku Ulongwe, ndipo ambiri sali pa malipiro a pamwezi, amangodya komishoni.

Ndiye membala weniweni akhale ndani, kampani kapena ajenti payekha? Kota, ndalama ya umembala ya pamwezi, ituluke m'thumba la ndani? Nanga ajenti akachoka kwa bwana uyu n'kukalowa kwa bwana uyo, umembala ndi khadi zimutsate kapena zitsale? Palinso ena amene akuti tilandire madobadoba opanda kampani kuti tichuluke, pomwe ena akuti amenewo ndi amene atiipitsira mbiri. Tithandizeni, tisalembe zinthu zoti tidzazifufute chaka chisanathe.

Mlembi wa ku Chingodzi

Achimwene, choyamba onetsetsani kuti bungwelo lakhazikitsidwa mwalamulo, chifukwa bungwe losadziwika ku boma silingatsegule akaunti ku banki m'dzina lake, ndipo kota ikamagwera pa nambala ya foni ya munthu mmodzi, mkangano suchedwa. Lamulo la mabungwe muno mu Mozambique ndi Lei 8/91, ndipo limafuna oyambitsa osachepera khumi. Mumayamba mwasungitsa dzina ku ofesi yolembetsera mabungwe ndi makampani, Conservatória do Registo das Entidades Legais, kenako mumapereka estatutos, malamulo oyendetsera bungwe aja, pamodzi ndi mapepala a oyambitsawo kuti boma livomereze, n'kulembetsa, n'kusindikiza mu Boletim da República, gazeti ya boma, n'kutenga NUIT, nambala ya msonkho, ya bungwe. Zonse zokhudza umembala zilowe mu estatutos momwemo, kapena mu regulamento interno, ndondomeko ya m'kati mwa bungwe, yovomerezedwa ndi msonkhano waukulu. Zongogwirizana pakamwa sizimanga munthu.

Pa funso lanu lalikulu, lembani magulu awiri. Membala wokhala ndi voti akhale kampani, kapena munthu amene ali ndi alvará yakeyake, chilolezo cha boma chochitira malonda. Ajenti akhale wolembetsedwa pansi pa kampaniyo. Zifukwa zake n'ziwiri. Mukapatsa ajenti aliyense voti, bwana wa anyamata asanu ndi mmodzi uja amalowa mumsonkhano ndi mavoti asanu ndi awiri, ndipo bungwe lasanduka lake. Chachiwiri, mgwirizano ndi mwini nyumba umasainidwa m'dzina la kampani, lisiti limatuluka ndi NUIT ya kampani, ndiye wolakwiridwa akabwera kudzadandaula, woyankha ndi mwini alvará. Paja nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Kuti maajenti asakhale ngati alendo, apatseni mipando iwiri mumsonkhano waukulu, asankhane okha, azilankhula pa nkhani za komishoni ndi zilango.

Pempho lolembetsa ajenti lizichokera kwa bwana wake, losainidwa ndi onse awiri, ndi chidindo cha kampani. Pamodzi nalo pakhale fotokope ya chiphaso cha unzika (BI), NUIT ya ajentiyo, registo criminal yatsopano yosonyeza ngati anapalamulapo mlandu, declaração, kalata ya kwa secretário wa bairro (mkulu wa dera), yosonyeza kumene amakhala, zithunzi ziwiri, ndi fotokope ya mgwirizano wake ndi kampani. Pepala lomalizali ndi limene ambiri amalizemba, chifukwa anyamata ambiri amagwira ntchito popanda cholembedwa chilichonse, koma ndi lomweli limene limathetsa milandu patsogolo. Komiti ipatsidwe masiku 30 oyankhira, ndipo dzina la wopemphayo lionetsedwe kwa mamembala kwa masiku 15 kuti amene ali ndi chifukwa chokanira alembe.

Mtima wa zonsezi ndi kaundula. Likhale buku lolimba lokhala ndi manambala a masamba, ndi kope ina pa kompyuta. Mzere wa ajenti aliyense ukhale ndi nambala yake, dzina lonse monga lilili pa BI, kampani, dera limene amayendera, foni, tsiku lolowa, mwezi womaliza umene kota yalipidwa, ndi malo olembapo ngati wayimitsidwa kapena wachoka. Nambala ikhale ya zigawo ziwiri, monga 07/03, kutanthauza kampani yachisanu ndi chiwiri, ajenti wachitatu. Nambala ya munthu amene wachoka isaperekedwe kwa wina mpaka kalekale, apo ayi lisiti lakale lidzaloza munthu wosalakwa.

Khadi ndi katundu wa bungwe, ndipo mawu amenewa alembedwe kuseri kwake. Pakhale chithunzi, nambala, dzina la kampani, foni ya mlembi, ndi tsiku lothera, 31 Disembala chaka chilichonse. Khadi lopanda tsiku lothera ndi chida cha wakuba: munthu amachotsedwa ntchito mu Malichi, koma amayendabe nalo m'makomo a anthu ku Matundo kapena ku Francisco Manyanga, n'kumatolera ndalama za chikole. N'chifukwa chake khadi lisamamutsate munthu. Ajenti akachoka, bwana alembere mlembi pasanathe masiku 7, khadi libwezedwe, mzere wake utsekedwe. Akalowa ku kampani ina, bwana watsopano apemphe ndipo apatsidwe nambala yatsopano. Ngati wasamuka pasanathe masiku 90 ndipo alibe mlandu m'bungwe, asalipirenso joya, ndalama yolowera m'bungwe. Bwana amene sananene kuti mnyamata wake wachoka apitirize kulipira kota yake, ndipo ayankhe pa zonse zimene khadilo lachita mpaka tsiku limene wanena. Chiganizo chimodzi chimenechi chimawongola mabwana msanga kuposa misonkhano khumi.

Kota ilipidwe ndi kampani. Bungwe lizitolera ndalama kwa mabwana ochepa, osati kwa maajenti onse mmodzimmodzi. Mwachitsanzo chabe, mukaika 1,000 MT (meticais) pamwezi pa kampani ndi 300 MT pa ajenti aliyense, kampani ya maajenti asanu ndi mmodzi ipereka 33,600 MT pachaka. Apa ndi pomwe chinyengo chimayambira: bwana amalembetsa awiri, anayi enawo akugwira ntchito mobisa. Musalimbane naye ndi mawu. Ingolembani kuti ajenti wosalembetsedwa saona mndandanda wa nyumba zimene mamembala amagawana, ndipo mlandu wa komishoni yake bungwe silimva. Kawiri pachaka, mu Juni ndi mu Disembala, kampani iliyonse isaine mndandanda wa anthu ake kuti mlembi afananize ndi kaundula.

Mayi wa ku Ulongwe

Bambo mlembi afotokoza bwino, koma kota ya mwezi ndi mwezi ndi ya mumzinda. Ku Tete ndi ku Moatize nyumba zimayenda chifukwa cha malipiro a anthu a ku migodi ya malasha ndi a m'boma. Kuno ku Angónia, Tsangano ndi Macanga ndalama imaoneka anthu akakolola n'kugulitsa kachewere, chimanga, soya ndi fodya. M'miyezi ya dzinja ajenti amatha masabata osagwira kanthu. Mukalemba kuti wolephera miyezi itatu achotsedwe, pofika Febuluwale kaundula wa kuno adzakhala wopanda munthu. Lolani kulipira kamodzi pa miyezi itatu kapena kamodzi pachaka, ndipo wolipira chaka chonse pasadakhale achotseredweko mwezi umodzi. Wobwerera m'mbuyo ayambe walandira kalata, kenako kuyimitsidwa, kuchotsedwa kubwere pomaliza.

Ndivomera kuti kampani ndiyo ipereke ku bungwe. Koma ajenti amene sataya kanthu pa khadi lake salisamala. Mgwirizano wake unene poyera kuti theka la kota yake lidzadulidwa pa komishoni yoyamba ya nyengoyo. Zikhale zolembedwa, osati bwana kungodula mwakachetechete tsiku logawana ndalama.

Za madobadoba, kuwatsekera kunja sikuwachotsa pamsika. Iwo ndi amene amadziwa kuti nyumba yakuti mwini wake akusamuka, ndipo makampani omwewo amene amawanyoza masana amawaimbira foni madzulo. Atsegulireni khomo lopapatiza: alowe pansi pa kampani imene yavomera kuwayankhira, akhale miyezi 6 pa mayeso ndi khadi la mtundu wina, ndipo nthawi imeneyo asalandire ndalama ya kasitomala m'manja mwawo. Wokana kukhala pansi pa kampani akatenge alvará yake ku BAU, ofesi ya boma yoperekera zilolezo za malonda, abwere ngati membala wathunthu.

Chimene ndingalimbikire kwambiri n'chakuti munthu asalandire khadi asanafunsidwe mafunso a malamulo a malo. M'dziko lino nthaka ndi ya boma ndipo sigulitsidwa. Zili mu ndime 109 ya malamulo aakulu a dziko komanso mu Lei de Terras 19/97. Chimene munthu amakhala nacho ndi DUAT, ufulu wogwiritsa ntchito malowo, ndipo chogulitsidwa ndi nyumba kapena zomangidwa pamenepo. Mumzinda, nyumba ikagulitsidwa mwalamulo DUAT imatsata nyumbayo. Kumudzi, kusamutsa umwini wa zomangidwa kumafuna chilolezo cha boma. Tsono ajenti wovala khadi lanu akamalengeza pa Facebook kuti akugulitsa talhão, puloti yopanda kanthu, walemba yekha umboni womutsutsa, ndipo dzina la bungwe lili pachifuwa pake.

Adziwenso kusiyanitsa mapepala. Declaração ya secretário wa bairro si umboni wa umwini. Pa nyumba ya mumzinda afunse título ya DUAT ndi certidão, kalata ya umboni, yatsopano ya ku Conservatória do Registo Predial, ofesi yolembetsera nyumba, chifukwa ndi mmene mumaonekera ngati nyumbayo ili pa chikole ku banki. Wogulitsa m'malo mwa mnzake aonetse procuração, kalata yomupatsa mphamvu, yodutsa kwa notário wotsimikizira zikalata. Komanso kusowa kwa pepala sikutanthauza kuti malo alibe mwini: lamulo limazindikira malo a makolo, ndiponso nzika imene yakhala pamalo mwachilungamo zaka zosachepera khumi. N'chifukwa chake kumudzi ajenti ayenera kudzera kwa a nyakwawa ndi kukumana ndi banja lonse. M'mabanja ambiri a Achewa munda umatsata mbumba, ndiye mkamwini akhoza kusaina bwinobwino, mawa lake atsibweni a akazi ake n'kufika kudzagwetsa zonse, komishoni itadyedwa kale.

Kanthu kena ka kuno ku malire: abale athu a ku Dedza ndi ku Ntcheu amawoloka tsiku lililonse pa Calómuè ndi pa Biri-Biri, chilankhulo n'chimodzi, ndipo ena amaidziwa ntchitoyi kuposa ife. Koma chiphaso cha ku Malawi chokha sichikwanira kumulembera munthu m'kaundula. Akhale ndi BI, kapena DIRE, chiphaso cha mlendo wokhala m'dziko muno, ndi chilolezo chogwira ntchito. Chimodzimodzi makasitomala: mlendo payekha amapeza DUAT pokhapokha atakhala m'dziko muno zaka zosachepera zisanu ndipo ali ndi pulojekiti yovomerezedwa. Ajenti wolonjeza njira yachidule pamenepa aitanidwe ndi komiti.

Wowerengera ndalama wa ku Moatize

Ine ndiwonjezere za ndalama zokha. Pa fomu yolembetsera ikanipo bokosi lofunsa ngati ajentiyo ndi wantchito wa kampani kapena wodziimira payekha. Ngati ali ndi maola oikika, amalandira malamulo kwa bwana ndiponso malipiro okhazikika, ameneyo ndi wantchito, ndipo ayenera kulembetsedwa ku INSS, thumba la boma la penshoni ya antchito: pa malipiro ake, 4% ya bwana, 3% yake. Wodya komishoni yokha akhale ndi mgwirizano wa prestação de serviços, wa munthu wodziimira payekha, azitulutsa lisiti ndi NUIT yake, ndipo akhoza kudzilipirira yekha 7% ku INSS. Khadi la bungwe si mgwirizano wa ntchito, ndipo izi zilembedwe, chifukwa pakabuka mkangano wa ntchito, khadi lokhala ndi dzina la kampani ndi loyamba kutulutsidwa ngati umboni.

Akaunti ya bungwe ikhale ya osaina atatu, ndipo ndalama izituluka ndi masaini awiri. Atatuwo achokere m'makampani osiyana, ndipo a conselho fiscal, ofufuza za ndalama za bungwe, asakhale mwa iwo, pakuti munthu sadzifufuza yekha. Ngati mukulandira kudzera pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh, nambalayo ilembetsedwe m'dzina la bungwe, ndipo wotumiza azitumiziranso msungichuma uthenga wotsimikizira pamodzi ndi nambala ya kampani yake ndi miyezi imene akulipira. Chimasokoneza mabuku n'chakuti bwana amatumiza ndalama pa foni ya mkazi wake kapena ya mlonda, msungichuma n'kuona 2,800 MT yochokera kwa munthu wosadziwika. Lisiti lililonse likhale ndi nambala, lilembedwe tsiku lomwelo, ndipo kumapeto kwa mwezi malisiti, kaundula ndi extracto ya ku banki zigwirizane.

Joya musaiike pamwamba kwambiri pofuna kusefa anthu. Joya yokwera imathamangitsa oyamba kumene, koma wakuba amene wadya chikole cha anthu atatu amailipira mosavuta. Iwerengereni pa mtengo wosindikiza khadi, mafomu ndi tsiku limodzi la maphunziro.

Pa maphunziropo muikepo ziwiri izi. Ndalama ya chikole kapena yogulira nyumba isalowe pa foni ya ajenti. Ipite ku akaunti ya kampani kapena mwachindunji kwa mwini nyumba, ndi lisiti. Ndipo wogula auzidwe msanga za SISA, msonkho wa 2% umene amalipira asanasaine escritura, chikalata chogulira nyumba, kuti asadzaganize kuti ajenti wamuonjezera mtengo. Chinanso, ogwira ntchito yogulitsa nyumba ali m'gulu la anthu amene lamulo loletsa kuyeretsa ndalama zakuba, Lei 14/2023, limawalamula kudziwa bwino kasitomala wawo, kusunga mapepala ake, ndi kudziwitsa GIFiM, ofesi ya boma yolondola ndalama zotere, pakakhala zokayikitsa. Munthu akabwera ndi chikwama cha ndalama n'kukana kupereka BI, kapena akafuna kuti nyumba ilembedwe m'dzina la mwana wa mnzake, ajenti asaweruze yekha, auze bwana wake tsiku lomwelo. Udindowu ndi wa kampani, ndipo ichi ndi chifukwa china chimene ajenti woyandama, wopanda mwini, sayenera kukhala m'kaundula wanu.

Wa ku Matundo

Zikomo kwambiri akuluakulu, izi tipita nazo ku komiti. Chatsala chimodzi. Ajenti waonetsa kasitomala nyumba ali ku kampani yoyamba, kenako wasamuka, ndipo malonda atheka ali ku kampani yachiwiri. Komishoni ndi ya ndani? Ndipo bungwe lili ndi mphamvu yanji pa amene wakana chigamulo?

Mlembi wa ku Chingodzi

Mlandu umenewu sumatha ndi kukumbukira kwa anthu, umatha ndi kapepala kamodzi. Bungwe lisindikize fomu yoonera nyumba, yofanana kwa mamembala onse: tsiku, nyumba yake, dzina ndi foni ya kasitomala, nambala ya ajenti, ndi saini ya kasitomalayo. Amene alibe fomu yosainidwa alibe mlandu woti abweretse. Tsiku limene ajenti akuchoka, iye ndi bwana wake asaine mndandanda wa malonda amene ali m'njira, kope ipite kwa mlembi pamodzi ndi khadi. Malamulo anu anene kuti malonda a pamndandandawo akatheka pasanathe masiku 90, komishoni ndi ya kampani yoyamba, ndipo ajenti alandire gawo lake monga mwa mgwirizano wake wakale ngakhale anachoka. Mbali yachiwiriyi musaisiye. Bwana akamadya gawo la wochoka, ndiye kuti mwaphunzitsa ajenti aliyense kubisa makasitomala mwezi wathunthu asanatsanzike.

Nyumba imene mwini wake anapatsa kampani yoyamba mwa mgwirizano wolembedwa imatsala komweko mpaka mgwirizanowo utatha. Koma eni nyumba ambiri kuno amauza maajenti anayi nthawi imodzi popanda kusaina ndi aliyense. Pamenepo wopambana ndi amene ali ndi fomu ya tsiku loyambirira ya kasitomala amene wagulayo. Ngati makampani awiri agwirira limodzi, wina wabweretsa nyumba wina wogula, kagawidwe kalembedwe kasitomala asanapite kukaona nyumba, ngakhale pa uthenga wa WhatsApp woyankhidwa ndi mbali zonse. Pa lendi, pomwe chizolowezi n'chakuti komishoni imakhala ya mwezi umodzi, fomu inene amene akulipira, mwini nyumba kapena wolowa, kuti ajenti asadye mbali zonse ziwiri mobisa.

Mphamvu ya bungwe ili pa khadi ndi pa kaundula basi. Si khoti, silingalande katundu wa munthu, ndipo silingamuletse kugwira ntchito ngati ali ndi alvará. Dandaulo libwere molemba. Woimbidwa mlandu apatsidwe kope ndi masiku 15 oyankhira. Amve nkhaniyo akhale anthu atatu osachokera m'makampani okanganawo. Zilango zikwere pang'onopang'ono: chenjezo lolembedwa, kuyimitsidwa kwa nthawi yodziwika, ndipo kuchotseratu kuchitidwe ndi msonkhano waukulu, kumene munthuyo akhoza kukadandaulanso. Mukadumpha sitepe imodzi, wochotsedwayo akhoza kukakutsutsani ku khoti pogwiritsa ntchito estatutos anu omwe. Kampani yokana kulipira komishoni imene komiti yagamula iyimitsidwe pamodzi ndi makhadi a maajenti ake onse. Anyamatawo ndi amene adzamukakamize bwana wawo. Nkhani ya kuba chikole kapena kugulitsa nyumba imodzi kwa anthu awiri si ya komiti, wolakwiridwa apite ku polisi, ndipo bungwe liyimitse khadilo podikira.

Polengeza samalani pakamwa. Pa gulu la WhatsApp musalembe kuti uje ndi wakuba, chifukwa akhoza kukusumirani kuti mwamuipitsira mbiri. Mlembi alembe chabe kuti khadi nambala 07/03 lasiya kugwira ntchito kuyambira tsiku lakuti, ndipo mndandanda wa makhadi amoyo upachikidwe pa ofesi ya bungwe sabata yoyamba ya mwezi uliwonse.